Makina Opalila Matabwa

Lachisanu madzulo. Mtima wapepuka lelo, ngakhale phewa likuwawabe.

Malaiti afika kuno ku Msanzala, ndiye ine ndi mkazi wanga, amake Tisa, tinapita ku Petauke kukasankha makina oika m'kashedi kanga ka matabwa. Ine maso anali pa macheka a malaiti. Iye anakaima pa makina opalila.

"Chimakupwetekani ndi kupala, bambo, osati kucheka," anatelo. "Muyesa sindiona mmene mumavutikila kuvala malaya m'mawa?"

A Mwanza, eni sitolo, anayamba kupukuta shelefu yoyela kale.

Chilipo chimene sindinanene. Chopalila chamanja chimene ndimagwilitsa ntchito chinali cha malemu atate. Chogwilila chake chinapelepeseka motsata chikhatho chawo, ndipo changa chimakwanamo ndendende. Kugula makinawo ndimaona ngati kuwatulutsa atate m'shedi.

Mkazi wanga anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandigwila pamkono. "Makina azichotsa zokhakhala," ananong'ona. "Kusalaza komaliza muzichita inu ndi atate."

Macheka tinawasiya.

Titafika kunyumba ndinayesa makinawo pa thabwa la mukwa. Analila mpaka nkhuku zonse kuthawila kumunda, iye n'kuseka atatseka makutu. Kenaka ndinadutsitsapo chopalila cha atate kawili kokha, ndipo phewa silinadandaule.

Mailo, Loweluka, ndiyamba mpando woyedzamila umene ndinamulonjeza chaka chatha, msana wake utayamba kuvuta. Sanandikumbutsepo ngakhale kamodzi.