Zilembo zimene bambo analoweza

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi chifuwa cha wamng'onoyo chinaleka? Kuno tilipo. Amayi miyendo ikuwavutabe, koma pakamwa pokha ali bwinobwino.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wamakedzana. Foni ndili nayo, koma nyumba ino mukuidziwa: ukanong'ona kukhitchini, bambo amayankha ali kubafa. Makutu awo ndi a mnyamata. Nkhani ili pa maso.

Diso lawo lakumanzere lachita ng'ala, ndipo lakumanja nalo layamba. Tiyi akumathira pambali pa kapu, n'kuikalipira kapuyo. Mwezi watha anapereka moni kwa chidole cha telala, chija amachiveka madiresi pakhonde, ndipo anafika kunyumba akudandaula kuti akazi a masiku ano sayankha moni. Tinaseka mpaka misozi. Koma munthu ameneyu ndi amene amayendetsa thiraki ya matayala makumi awiri ndi awiri.

Mufunsa kuti nanga laisensi anaiwonjezera bwanji, popeza amayamba ayeza maso. Apa ndiye pali manyazi anga.

Ulendo woyamba ndinawaperekeza, ndipo analephera. Anauza woyezayo kuti ndi fumbi lapamsewu, adzabweranso. Ine, mlongo wanu wa digiri uja mumamunyadira kwa anzanu, ndinajambula pafoni zilembo zapakhoma zoyezera maso. Ndinazikopera kuseri kwa kalendala, ndipo kwa milungu iwiri ndinkawalowezetsa mzere ndi mzere monga ndimachitira ndi ana anga a m'kalasi. Sindinaphunzitsepo wophunzira wakhama ngati iwo. Atabwererako anawerenga mpaka tizilembo tapansi penipeni, woyezayo n'kuwayamikira kuti maso otere pa msinkhu wawo ndi osowa.

Ndinkati ndikuwathandiza. Anali atandiuza kuti akawalanda thirakiyo adzangokhala pampando kudikira maliro awo, ndipo ndinawamvera chisoni.

Lachinayi ndinachedwa kuntchito, ndiye bambo ananditengako pa thiraki yawo. Pamphambano ya kumsika, akukhotera kumanzere, pambali pathu panali mayi wina pa njinga, dengu la tomato kumbuyo. Ine ndinamuona bwinobwino pagalasi. Bambo anayang'ana pagalasi lomwelo n'kupitiriza kukhota. Ndinakuwa. Anaponda mabuleki, koma matumba mazana asanu ndi limodzi a simenti saima chifukwa choti mphunzitsi wakuwa. Mayiyo anadziponya mu ngalande. Njinga inalowa pansi pa matayala a ngolo, inatuluka ngati waya woyanikapo zovala.

Mayiyo anangosupuka chigongono. Koma chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi, achimwene: bambo atatsika anapita kukapepesa kwa mayi wina amene ankangoonerera.

Titafika kunyumba ndinawalankhula. Anati zaka makumi atatu ndi zinayi sanapondepo ngakhale nkhuku, ndipo msewu uja amaudziwa dzenje lililonse. Ndinawayankha kuti maenje sayenda, koma anthu amayenda. Anandifunsa modekha kuti kodi zilembo zija anawaphunzitsa ndani. 

Mnzanga wina ndi dokotala wa maso, ndipo akuti ng'ala amaichotsa osatha ola limodzi, munthu n'kuonanso. Bambo akuti mpeni sudzayandikira diso lawo ali moyo, ndiponso akapita kuchipatala thiraki yawo aipatsa anyamata osadziwa kusintha magiya. Amayi akungosita yunifolomu, akuti za amuna ndi magalimoto awo saloweramo.

Lolemba m'mawa anyamuka ndi simenti kudzera msewu wa chitsetse chija, kumene kumunsi kwake kuli sukulu ya pulayimale. Amafikapo nthawi imene ana akuweruka.

Tsono ndikupempheni. Inu amakumverani, ngakhale sukulu munaithawa masana dzuwa likuswa mtengo, pomwe ine wa gauni ndi chipewa amanditcha kamtsikana kolongolola. Sindikudandaula, ndangotchulapo. Aimbireni foni, kapena kwerani basi mubwere Loweruka. Muwauze kuti mukawaperekeza nokha kuchipatala ndipo mukakhala pakhomo mpaka atuluke. Musawanene za ukalamba, angakudulireni foni.

Likafika Lamulungu asanavomere, Lolemba ndidzalawirira kukaonana ndi mkulu wa madalaivala kuntchito kwawo. Ndikanena zonse, kuyambira ndi kalendala ija ndi amene analembapo. Ndikudziwa kuti bambo sadzandilankhulanso, mwina mpaka kalekale. Ndayesa kuganiza njira ina, sindikuipeza.

Kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi yam'mawa kuti muilandire lero lomwe. Mukawerenga musandiimbire, mungolemba uthenga.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Mulungu akusungeni, ndipo mutikumbukire m'mapemphero, makamaka Lolemba.

Ndine mlongo wanu,
Wolongolola uja