Galimoto Yochira Ikaona Amakaniko

MSONKHANO WA KOMITI YA BUNGWE LA APHUNZITSI OPUMA NTCHITO

Tsiku: Loweruka, pa 9 Malichi
Malo: Chipinda chakuseri kwa holo ya bungwe
Opezekapo: Wapampando, Wachiwiri, Mlembi, Mayi a Sayansi, Bambo a Masamu
Oitanidwa: Adalaivala, Amakaniko
Osabwera: Ahedi akale (galimoto yokawatenga ndi yomwe ili pamlanduyi)

1. Kutsegula
Msonkhano wa 9:00 unayamba 9:40. Zifukwa zinaperekedwa zambirimbiri, koma Mlembi sanaone choti n'kulemba.

2. Zochotsa ntchito Adalaivala
2.1 Wapampando anati mwezi uno galimoto ya bungwe yakana kulira kanayi, moti mamembala awiri anaphonya tsiku lawo lakuchipatala. Anati chodabwitsa n'chakuti Amakaniko akangofika imalira kamodzin'kamodzi. Motero vuto si galimoto, koma ulesi wa woiyendetsa.

2.2 Adalaivala anati atumikira bungweli zaka khumi ndi chimodzi. Anati: "Ndiname kuti ndipezepo chiyani, bwana? Ndikapotokola kiyi imangoti khwa, kenako zii. Ndili ndi ana ine."

2.3 Amakaniko anati batire anasintha, mawaya anaona, mafyuzi ali bwinobwino. Anati sangachize wodwala amene akaona dokotala amadzuka n'kuyamba kuvina.

2.4 Bambo a Masamu anati vuto ndi mafuta. Ananenanso zomwezi tsiku lija tayala linaphulika.

2.5 Mayi a Sayansi, amene dzanja linachita kuwawa ali chikwezere, anafunsa chimene chimachitika galimoto ikakana, Amakaniko asanafike. Onse anati palibe. Atafunsa kachitatu, Wachiwiri anati palibedi, kungoti mamembala amaikankhira pansi pa mtengo, poti Amakaniko ndi apongozi a Wapampando, sangawagoneke pa dzuwa ngati munthu wamba. Anawonjezera kuti amaiwala kuchotsa giya, ndiye amayamba aigwedezagwedeza isanasunthe.

2.6 Amakaniko anagwira mutu. Anati: "Abale inu, ndiye mumandibisira matenda! Sitata ikakakamira, mukaigwedeza galimoto ili m'giya imamasuka. Miyezi isanu ndikusakasaka chinthu chomwe mwachithawitsa kale!"

2.7 Zinadziwika kuti lamulo lokankha analipereka ndi Wapampando. Wapampando anati mfundo imeneyi isalembedwe. Yalembedwa.

3. Zomwe anagwirizana
Galimoto ikadzakananso, aliyense asaikhudze mpaka Amakaniko afike, ngakhale dzuwa liswe mtengo. Mayi a Sayansi anapempha kuti komiti ipepese kwa Adalaivala. Wapampando anati zongoganizira si umboni, nkhani yochotsa ntchito ikhale ikudikira mpaka vutolo lioneke ndi maso. Mlembi zimenezi zinamunyansa, ndipo sakubisa.

4. Zina ndi zina
Nthawi ya 11:15 Wapampando anatuma Adalaivala kuti akalize galimoto, iwatule kunyumba. Inangoti khwa. Komiti yomwe ija, inki ya mfundo 3 isanaume n'komwe, inathamangira kumbuyo kukakankha. Adalaivala anatsika, n'kuima kumbuyoko atatambasula manja. Anati: "Woikhudza ayambe wathana ndi ine."

Amakaniko anagona pa dzuwa pomwepo, n'kugogoda sitata ndi sipanala, Mayi a Sayansi atapotokola kiyi. Inalira. Ali pansi pomwepo Amakaniko anati: "Sitata yatha iyi, akamwini. Munthuyu sananame."

Wapampando anati ndiye kuti nkhani yatha, tiyeni. Adalaivala anati siinathe. Anazimitsa injini, n'kuika kiyi m'thumba, n'kungoima. Tonse tinaima nawo, thukuta lili kamukamu. Patapita mphindi zisanu ndi imodzi, zomwe Mlembi anawerenga pa wotchi mosangalala, Wapampando anavula chipewa. Anati: "Pepani, achimwene. Tinakunamizirani."

Mfundo yochotsa ntchito Adalaivala inafafanizidwa, onse atavomereza.

5. Msonkhano wotsatira
Loweruka, pa 13 Epulo, nthawi ya 9:00 yeniyeni.

6. Kutseka
Msonkhano unathera pabwalo loimikapo galimoto nthawi ya 11:52.

Wapampando: ____________

Mlembi: ____________