Dzino la Chiwala ndi Kachitini ka Madala

Lolemba, 10 Marichi
Malovu akuda pa pilo ya Chiwala. Ndimati chokoleti, koma m'nyumba muno chokoleti chingachokere kuti? Ndanunkhiza, ndi fodya. Mwana wa zaka naini, mdzukulu amene mayi ake anandisiyira popita kutali kuntchito. Ndamuyasamitsa pawindo. Kuseri kwa mlomo wam'munsi kuli kachigamba koyera, kokhakhala. Matenda amene anadya nsagwada ya mchemwali wa atelala anayamba chonchi.

Lachiwiri, 11 Marichi
Waulula. Dzino linkamuwawa, ndiye madala anga n'kumutsinira fodya wawo woika m'kamwa uja kuti aike padzinopo. Ati ndi mankhwala, iwo anakulira omwewo. Dzino linachita dzanzi, mwana n'kuzolowera, n'kumakatapa yekha m'kachitini agogo akewo akamasamba. Ndawafunsa: ngati mankhwalawo amagwira, bwanji m'kamwa mwanu mwatsala mano atatu? Ayang'ana kudenga.

Lachinayi, 13 Marichi
Kuchipatala cha mano. Adokotala ake ndi katsikana koti ndingakabereke kumbuyo, koma kodziwa ntchito. Aunika ndi tochi. Ati fodyayu amawotcha nkhama, amathamangitsa mtima wa mwana, ndipo kachigamba kotere nthawi zina kamasanduka khansa. Dzino azula, linali lobowoka. Tibwerenso pakatha masabata awiri, fodya asamukhudzenso. Kachigambako kakapanda kuchoka, adzadula kanyama kukapima.

Loweruka, 15 Marichi
Chiwala akulusa ngati mavu, ati mutu. Madala ataya okha kachitini m'chimbudzi, nawonso akulusa. Ndikulera mapasa. Onse ndawapatsa chingamu, wina akutafunira mbali imodzi ngati mbuzi.

Lachitatu, 19 Marichi
Kachigamba kakuchepa, kapena ndi maso angawa?

Lachinayi, 27 Marichi
Kachigamba kulibe. Adokotala aunika kawiri, ati kwatha, nkhama zapola. Potuluka ndayamba ndakhala pabenchi, osanyamuka. Chiwala amandikoka kuti agogo tiyeni, anthu akutiona. Aone. Mayi ake ndawaimbira, ndawauza zonse, alira kenako aseka.

Lachisanu, 28 Marichi
Ndikuchapa, madala abwera mwakachetechete, aima padzuwa, akoka mlomo wam'munsi ndi zala.
"Mayi, tandionaniko nanenso."
Ndapukuta manja, ndasuzumira.
"Chigamba mulibe, mano mulibenso. Koma Lolemba mukayasamire adokotala, ine tochi ndilibe."
Chiwala wayamba kale kuwapukutira nsapato.