Ndakanena za Lusekelo pa Wailesi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno ku Mlare tikudzuka ndithu, kungoti mutu sukundisiya.

Sabata yatha ndinapita ku wailesi kukanena poyera kuti mwana wanga Lusekelo anadzipha. Paja pamaliro abale a bambo ake ankauza anthu kuti anali malungo, chonsecho kwaya inakana kuimba, bokosi osalowa m'tchalitchi. Tinkanamiza ndani?

Ndinauza omvera kuti mwanayu anatha miyezi akudzitsekera m'chipinda, ife n'kumati ndi ulesi. Ndinawapempha kuti mwana akangoti zii, azimufunsa, azipita naye kuchipatala.

Pofika kunyumba ndinapeza akulu awo a bambo a Lusekelo atakhala kale pakhonde. Akuti, "Mlamu, mwatiyalutsa. Zam'banja sizipita pa wailesi." Komatu ndi omwewa amene Lusekelo atawadandaulira kuti moyo wamutopetsa, anamuyankha kuti mwamuna salira.

Dzulo kumsika mayi wina wogulitsa mpunga wa ku Lupembe anandigwira dzanja. Anati, "Mama, ndinakumvani. Wanga ndapita naye kuchipatala Lolemba." Ndinamuthokoza, koma ndinalira njira yonse. Wake ali moyo chifukwa wanga ali m'manda.

Chonde muwaimbire foni akuluwo, poti mawu a mwamuna ndiwo amawamva. Muwauze kuti Lachisanu ndikupitanso ku wailesi. Ndinakhala chete mwana ali moyo, lero chondiopsezera chatsala chiyani?

Ambuye akusungeni. Ana anuwo muziwafunsa.

Ndine mlongo wanu,
Esinati