Chitenge cha Towela

Lolemba, 12 Januwale

Komboni yathu ya Kanyama yonse m'madzi. Ndafika ku holo ya tchalitchi nsapato zili m'manja. Tikusoka chofunda chachikulu cha zigamba, mayi aliyense chigamba chake, asokepo ndi ulusi kanthu ka m'komboni muno. Ba Kafula akusoka minibasi. Wina pampu ndi mzere wa zigubu. Ine beseni la vitumbuwa, pa chitenge cha Towela, mng'ono wanga, chomwe ankavala pokazinga. Tinamuika mu Seputembala. Pogawa zovala zake ndinangotenga chimenechi.

Lachinayi, 15 Januwale

Ba Ennie, otitsogolera, lamulo lawo ndi limodzi: nsalu iliyonse ichapidwe kaye isanalumikizidwe ndi zinzake. Apo ayi idzasuluka n'kudetsa za ena. Ananunkhiza changa. "Ba Virginia, ichi simunawashe. Mufuna minibasi ya ba Kafula ikhale yofiira monga ya ozima moto?" Ndinaseka nawo.

Sindinawauze kuti chikadali ndi fungo lake. Utsi wa mbaula, saladi wokazingira, Vaselini. Ndikachichapa nditsala ndi chiyani?

Lamlungu, 18 Januwale

Msana. Maso nawo atopa, kulowetsa ulusi m'singano ndi ntchito payokha. Kale ku Katete Towela ndiye ankandilowetsera, akundinena kuti ndinabadwa ndili nkhalamba. Ankanyambita ulusi, kamodzi n'kamodzi walowa. Malasha akweranso mtengo. Chitenge chili pansi pa pilo.

Lachiwiri, 27 Januwale

Sabata yathunthu osapitako ku holo. Lero ba Kafula atulukira, matope mpaka m'mawondo. Akuti zigamba zonse zalumikizidwa, pakati penipeni asiyapo mpata mpaka Loweruka. "Ni malo yanu. Koma pa Chiwelu titseka kumbuyo. Mukapanda kubwela, ba Ennie bazafakapo keteni yakale ya mu ofesi."

Keteni. Pamalo pa munthu amene anadyetsa theka la msewu uno m'mawa uliwonse.

Lachitatu, 28 Januwale

Ndachapa. Madzi anafiira beseni lonse, ba Ennie sananame. Ndayanika m'nyumba, kunja kukuvumba. Chikununkha sopo basi. Sindinaphike.

Loweruka, 31 Januwale

Ndalumikiza chigamba changa. Misoko yokhotakhota, vitumbuwa zina zikuoneka ngati miyala. Ba Ennie anangondilowetsera ulusi osandiyang'ana kumaso.

Denga la holo likudontha, choncho chofundacho chakhala chikugona m'makomo mwa amayi mosinthana. Amachisokera pafupi ndi mbaula, ana akukwerapo, ndiwo zili pamoto. Lero ndi ine. Ndachisenza pamutu m'pulasitiki, kudumpha miyala ngati mtsikana, mawondo akudandaula.

Lamlungu, 1 Febuluwale

Popinda chofundacho m'mawa, chinandikhudza kumaso. Ndinakhala pansi.

Utsi. Saladi. Vaselini. Paminibasi, papampu, pamipendero ponse. Manja a ba Kafula, nyumba ya ba Ennie, mbaula za anthu ena. Nacho chigamba cha Towela chayamba kale kutengera fungo kwa zinzake. Miyezi yonseyi ndimasunga pansi pa pilo fungo limene ladzaza komboni yonse.

Ba Ennie ati tisanachipachike mu holo tichichape chonse, chiwale bwino. Mawa ndikawauza kuti ndi mvula ino sichingaume. Tidikire mpaka Epulo. Kapena Meyi.