Bokosi Likatsika, Ndiye Ndipite

Lolemba, 17 Febuluwale

Imelo yabwera. Ndili m'gulu lomaliza la sikolashipu! Intavyu Loweruka masana ku Indianapolis. Ndikangoipata, fizi yonse ya pre-med, maphunziro oyambira udokotala, yatheka. Chimalizireni high school ndakhala ndikusambitsa nkhalamba ku nursing home kuno ku South Bend, kudikira imelo imeneyi. Adadi ati andiperekeza okha.

Lachiwiri, 18 Febuluwale

Bambo aakulu, a Sosten, amwalira ku Ntcheu. Adadi sangapite, mapepala awo okhalira kuno sanatuluke. Ndiye siwa ili kwathu kuno. Masofa tawakankhira ku garaja, azimayi pa kapeti, azibambo ku basement, chipinda cha pansi pa nyumba. Adadi sindinawaonepo akulira chonchi.

Ine nkhope ya bambo aakuluwo ndikuikumbuka pang'ono chabe. Amandigulira mandasi.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Tiyi, mbale, tiyi, mbale. Aliyense akaweruka ku shifiti amadzera kuno. Ndikupulakitisa mayankho anga chamumtima uku ndikutsuka makapu.

Ndalembera ku yunivesite. Ayankha mwaulemu kwambiri, apepesa za maliro, koma tsiku ndi lomwelo, ndipo pafoni sizitheka. Osabwera, malo apita kwa wina.

Ndawanong'oneza amami kukhitchini. Sanatembenuke n'komwe. Ati mwana wa pakhomo sachoka pa siwa maliro asanaikidwe, anthu atiyesa chiyani. A Hamilton, akulu ampingo aja, anali pakhomo kufuna shuga. Amva. Ati ana okulira kuno ndi choncho, udokotala umafika pamutu asanaphunzire kulira. Okulira kuno? Ndinabwera ndili Fomu 2 ine.

Lachinayi, 20 Febuluwale

Panja kukugwa sino, m'nyumba nyimbo. Ngakhale kuchipinda kwanga kwagona anthu.

Lachisanu, 21 Febuluwale

Aika mawa. Mawa lomwelo! Msuweni wanga Chester atigwirira foni kumanda, ife tizionera pa TV. Kumudzi akhala masana, kuno m'mawa.

Ndawapeza adadi okha mu garaja, atakhala pa sofa, jekete ili m'thupi. Ndinagwada n'kunena zonse. Kenako anayankha.

"Bokosi likatsika, upite. Lisanatsike, ayi."

Anti Chrissie a ku Lafayette Square, ku Indianapolis komweko, ali ndi shifiti mawa madzulo, ati anditenga. Koma achenjeza kuti msewu ndi wautali, naini ikakwana tisananyamuke, ndingoiwala.

Loweruka, 22 Febuluwale

Ndikulemba m'galimoto.

Suti ndinavaliratu, chitenje pamwamba. Tonse maso pa TV. Mwambo unayamba mochedwa, monga mwa masiku onse. Oimira banja. Oimira kuchikazi. Anzawo a kuntchito. Wina kuwerenga mayina a onse opepesa, mmodzimmodzi. Ndinadzipeza ndikupemphera kuti bambo anga aakulu awakwirire msanga. Mulungu andikhululukire.

Naini ili pafupi, abusa ndiye akungotsegula Baibulo. Anti Chrissie anandiyang'ana n'kupukusa mutu. Ndinavula nsapato za intavyu n'kuzikankhira kuseri kwa chitseko.

Kenako chithunzi chinauma. Netiweki ya ku Ntcheu. Abusa pakamwa yasa, osasuntha. Anthu kuyamba kudandaula, wina ati muimbireninso Chester.

Adadi anadzuka, kupita pakhonde ndi foni. Sanachedwe. Atabwera anaima pakati pa balaza, a Hamilton ali pomwepo.

"Aika. Chiyamiko, nyamuka."

A Hamilton anatsegula pakamwa. Adadi anawayang'ana basi. Amami anayambitsa nyimbo, azimayi n'kulandira, ine n'kutola nsapato.

Tadutsa Plymouth tsopano. Foni yanga yalira, Chester pa vidiyo, akuti adadi sakuyankha. Kumbuyo kwake bokosi lili pa mipando pompaja, abusa akadalalikira.

Anti Chrissie sanachotse maso pamsewu. Angoti tsitsa voliyumu, vula chitenjecho, undiuze chifukwa chake ukufuna udokotala.