Bambo, Mulole Hana Adzaphunzire Kompyuta

Chilomoni, Blantyre
Ogasiti, 1992

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ku Kasakula. Kodi bondo la amayi lija lasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino ndithu, Mulungu akundisunga.

Ndili ndi nkhani yokoma: andikweza pa ntchito. Zotaipa makalata ndasiya, tsopano ndikuphunzitsa anthu a m'maofesi kugwiritsa ntchito kompyuta. Sabata yatha m'kalasi mwanga munali bambo wina wa imvi wochokera ku banki, amene ankayamba wakweza dzanja asanandifunse funso. Ndinachita kudziluma mlomo kuti ndisaseke.

Ndikufotokozereni mmene zinayendera. Kompyuta payokha ndi bokosi chabe. Kuti ilembe kapena kuwerengera imafuna malangizo amene timawatcha mapulogalamu, ndipo amabwera pa timbale tating'ono. Ku Amereka makampani opanga zimenezi alipo angapo, koma imodzi yakula modabwitsa. Abwana athu, a Filipo Chimphonda, anatiwerengera nyuzipepala yakunja yonena kuti phindu lake likukwera chaka ndi chaka, pamene opikisana nayo ena angoima pamodzimodzi, ena ayamba kuchotsa antchito. Nditafunsa chifukwa chake, anati mlimi akagulitsa belo la fodya ndiye kuti lapita, akayambirenso ku nazale, koma iwowa akapanga kamodzi amangokopera n'kumagulitsa chomwecho. Anatinso ofesi iliyonse imafuna chimene ofesi inzake ili nacho, ndiye wamkulu amangokulirakulira.

Ifeyo tinkagulitsa za kampani ina yaing'ono, ndipo makasitomala anali atayamba kutithawa. Masiku ena tinkangoyang'anana m'ofesimo, aliyense akuganiza za mawa. A Chimphonda analimba mtima n'kusintha. Anatitumiza awiri ku Harare kukaphunzira za kampani yaikuluyo, ndipo chibwerereni foni sikusiya kulira.

Chondiwawa n'cha Margareta, mnzanga wa ku kwaya. Kumene ankagwira ntchito anakakamira mapulogalamu akale mpaka atseka. Panopa akukhala kwanga, Loweruka lililonse ndimamuphunzitsa, ndipo abwana alonjeza kumuyesa.

Pempho langa ndi limodzi, Bambo. Mulole mng'ono wanga Hana abwere kuno. Ndikudziwa kuti mumamudalira posankha fodya, ndiponso ndamva kuti a kwa Langton ayamba kufunsa za iye. Sindikunyoza banja limenelo ayi. Koma Hana anakhoza bwino Fomu 4, ndipo abwana ati akufuna mtsikana wa mutu wogwira woti timuphunzitse. Malo amenewa sadzatidikira mpaka dzinja. Za banja adzasankhe yekha ali ndi ntchito m'manja. Ndidzakamuchingamira ndekha ku depoti, ndipo Lamulungu lililonse tizidzapita limodzi ku tchalitchi. Mukambirane ndi amayi, mundiyankhe msanga.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa achimwene a Kalebe ndi alamu anga, kwa azakhali a Marita ku Nachisaka, ndi kwa akulu a mpingo onse.

Musadabwe ndi zilembo zowongokazi, kalatayi yatuluka m'makina omwewo. Dzina lokha ndalemba ndi dzanja, kuti amayi asakane kuti ndi ine.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Iness